Dzina Loyamba pa Chikalata cha Lefty Sabol

Ashmont, Pennsylvania
3 Seputembala 1991

Ana anga okondedwa,

Ndiyamba ndi kukutchulani mayina monga ankachitira malemu mayi anu, kuti wotola kalatayi adziwe nyumba imene yachokera. Loretta, mwana wanga woyamba, loya ku Chicago, amene anamaliza pa koleji yathu ya Ashmont ali nambala wani, ndipo lero amakhala m'bungwe loyang'anira kolejiyo, mkazi yekha pakati pa amuna khumi ndi anayi. Cyril, dokotala wa mano ku Toledo, amene anazula dzino la bishopu, bishopuyo n'kuthokoza. Marlene, namwino wamkulu ku Erie, amene madokotala amamufunsa nzeru akathedwa. Teddy, woyendetsa lole kuchoka nyanja ino kukafika nyanja inayo, zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi osagundapo ngakhale galu. Amenewo ndiwo ana a Bruno Yurkanin, munthu wa mumgodi wa malasha.

Ine ndili bwino, kupatula bondo ndi makutu. Akundilembera ndi Mayi Hudak a nyumba yoyandikana nafe, pa makina awo otaipira, makope anayi, chifukwa maso anga ndi omwe aja.

Mpira wathu wa chiAmerika ukuyamba Loweruka lino ndipo jekete langa la timu ndalichapitsa kale. Koma m'tauni muli nkhani yonunkha. Kometa tsitsi kwa Sal akuti akuluakulu ena akufuna kulowetsa timu ya koleji yathu mu ligi ya Great Rivers. Kwa zaka makumi asanu ndi atatu Ashmont yaima payokha. Sitili mu ligi ya munthu. Timasankha tokha wosewera naye, tsiku lake ndi bwalo lake. Tikalowa, anthu a mataye okhala kutali ndiwo azitiuza zochita, ndipo akuti Loweruka lotsatira chikondwerero cha Thanksgiving, kumapeto kwa Novembala, lidzakhala lawo. Nanga masewero a Nyali, ife ndi a Lockridge, azidzachitika liti? Nyali imene timalimbiranayo inatuluka mumgodi wa Nambala 4 agogo anu akuona ndi maso awo.

Ine ndinagwira unyolo woyezera mtunda umene mpira wayenda pa bwalo lija zaka makumi anayi ndi chimodzi. Za 1968 mukuzidziwa, koma Mayi Hudak alembebe kuti adzukulu amve. Mpira wathu unaperewera inchi imodzi kuti ufike pa ndodo ya kumapeto kwa unyolo, bwalo lonse likukuwa, "Bruno, sendeza ndodo!" Ine sindinasendeze, Nyali n'kupita ku Lockridge. Anthu anandinyanyala mpaka Khirisimasi, koma lero akandiona amavula zipewa. Ndiye ndikati ligi ndi zachabe, ndikulankhula ngati munthu wodziwa kuyeza.

Loretta, iwe umakhala nawo patebulo anthuwo. Ukawauze kuti bambo ako akuti asayerekeze.

Ndilembereni za adzukulu anga. Teddy, positikhadi yokha si kalata.

Ndine bambo wanu,
Bruno Yurkanin

Mawu owonjezera, ndi anga: Pa 9 ndikugonekedwa kuchipatala kuti andikonze chiuno, kenako ndikakhala mwezi kwa mwana wanga ku Scranton. Ngati wina ali ndi nkhani yaikulu, aisunge mpaka ndibwere. Ndanena. Irene Hudak.


Chicago
19 Seputembala 1991

Cyril mlongo wanga,

Muli bwanji kumeneko, iwe ndi Joanne ndi ana? Kuno tilipo.

Kalata ya Bambo waiona. Akuti ndikawauze akuluakulu kuti asayerekeze. Chimene sakudziwa n'chakuti wapampando wa komiti yofufuza za ligi ndine, kuyambira mu Juni, ndipo pa 9 Novembala ndikauza bungwe kuti tilowe.

Usandikalipire usanamve. Matimu asanu ndi awiri amene takhala tikusewera nawo alowa kale m'maligi, ndipo atilembera mwaulemu kuti kuyambira 1993 alibenso Loweruka lotipatsa. Ndandanda ya chaka chimenecho ili ndi masewero anayi basi, awiri mwa iwo ndi timasukulu toti Bambo sanatimvepo. Anyamata aluso akupita kwina chifukwa ife sitioneka pa TV. Tikakakamira, tidzakhala ndi ufulu wonse wosankha, koma wosankhidwayo palibe. Za Nyali ndikumenyera ndi mphamvu zanga zonse. A ligi akaniza Loweruka la Thanksgiving, ndiye ndikupempha kuti atisiyire tsiku lina mu Seputembala.

Zonsezi ndinawalembera Bambo pa 10, masamba asanu. Ndikuvomera, ndinaopa kuwauza pakamwa. Mayi Hudak anati tidikire, koma nkhaniyi ituluka m'nyuzipepala tsiku lililonse, ndipo ndimafuna aimvere kwa ine. Ali nalo galasi lija lokulitsa zilembo, ndinati awerenga pang'onopang'ono. Mpaka lero zii.

Lamlungu ndinalimba mtima n'kuimba foni. Ndinati, "Bambo, kalata yanga yafika?"

"Eya, yafika. Ili pamwamba pa firiji."

"Ndiye mukuti bwanji?"

"Kwayamba kuzizira, eya. Uzivala."

Ukuwadziwa pa foni, sudziwa ngati ndi makutu kapena ndi mtima. Iwe ukuganiza kuti akwiya? Munthu wa zaka makumi asanu ndi chimodzi, ndimaima pamaso pa oweruza osanjenjemera, koma ndikudikira wamtengatenga ngati kamtsikana.

Mlongo wako,
Loretta


Toledo
30 Seputembala 1991

Achemwali,

Tonse tili bwino. Mwati mukudikira yankho la Bambo. Lafika, koma ladzera kwa ine, ndipo ndikanakonda ndikanakutumizirani dzino lowola m'malo mwake. Khalani pansi musanatsegule kapepala kamene ndaika m'kalatamu.

Mukudziwa kuti ndimalandirabe nyuzipepala ya kwathu. Ya Lachinayi ili ndi tsamba lathunthu logulidwa ndi gulu la ochemerera timu, lija amalitsogolera Lefty Sabol wogulitsa magalimoto. Mawu ake ndi awa: "Ife a mayina ali m'munsiwa tikufuna kuti Ashmont ikhalebe payokha. Tikufunanso kuti Mayi Loretta Dunleavy, amene aiwala kumene anachokera ndipo akugulitsa sukulu yathu, achotsedwe m'bungwe msanga." Mayina alipo oposa zikwi ziwiri, timalemba ting'onoting'ono. Koma loyamba alijambula monga momwe mwini wake anasainira, lalikulu ngati chikwangwani. Bruno Yurkanin. Patsamba loyamba pali chithunzi chawo ali pakhomo la bwalo, avala jekete lija, cholembera chili m'manja, akumwetulira. Mutu wa nkhani ukuti, "Ngakhale bambo ake akuti achoke."

Ine sindikumvetsa. Munthu amene amaimitsa wansembe pamsewu kuti amuuze za digiri yanu? Ndinawaimbira. Anati, "Cyril! Wandiona m'nyuzipepala? Sal waipachika pagalasi!" Anali wosangalala, achemwali. Ndinangoti ndili ndi wodwala pampando, n'kudula.

Za ligi ine ndilibe mbali, ndimaonera mpira kuti ndipeze chifukwa chomwera mowa masana. Koma izi ayi. Marlene akulira, Teddy akuti akhotetsa lole akawafunse. Ndamuletsa.

Mlongo wanu,
Cyril


Chicago
4 Okutobala 1991

Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino ndipo bondo likukulolani kuyenda.

Ndaona chikalata chija ndi dzina lanu pamwamba. Ndaliyang'ana nthawi yaitali. Ndi lanu ndithu, B wamimba yaikulu uja munkalemba pa malipoti anga a sukulu.

Pa 10 Seputembala ndinakulemberani masamba asanu. Ndinakuuzani kuti komiti ya ligi ndikuitsogolera ndine, ndinafotokoza chifukwa chake ndikuona kuti tilowe, ndipo ndinakupemphani kuti mukakwiya mundikalipire ineyo, m'khitchini mwathu, chitseko chili chotseka. Munali ndi masiku khumi ndi limodzi oti mundiyankhe. Inu munasankha kuyankhira pakhomo la bwalo, pamaso pa wojambula zithunzi.

Kuti simukufuna ligi, sindikudabwa ndipo sindikukuimbani mlandu. Mukanasaina zimenezo zokha ndikanaseka. Koma mwasainira kuti ndaiwala kumene ndinachokera. Bambo, ine? Ndinkakunyamulirani khofi m'mbali mwa bwalo chipale chikugwa. Mu 1968 anzanga atasiya kundilankhula chifukwa cha inchi yanu ija, ndinkayenda mutu uli m'mwamba.

Dzulo wapampando wa bungwe anandiimbira. Anayamba ndi kufunsa za nyengo, kenako anati mwina ndiganizire zopuma kaye, "poti ngakhale kunyumba kwanu zavuta." Mayina zikwi ziwiri sakuwaopa. Akuopa lanu, chifukwa tauni yonse imadziwa kuti Bruno Yurkanin sanama. Pa 9 Novembala akavota ziwiri: za ligi, ndi za ine.

Sindikupemphani kuti musinthe maganizo. Ndikungofuna mundiuze ngati mawu amenewo ndi anu.

Mwana wanu,
Loretta


Ashmont
15 Okutobala 1991

Loretta mwana wanga,

Moni. Ndikhulupirira mwamuna wako Frank ndi ana ali bwino. Mayi Hudak abwera dzulo, akuyenda ndi ndodo ziwiri, ndipo andiwerengera kalata yako ya pa 4.

Pachitika kusamvana. Tsiku lija kunali dzuwa lothobwa m'maso, ndipo magalasi ndinawaiwala kunyumba. Lefty anabwera ndi pepala anthu ali piringupiringu, gulu loimba likuliza malipenga m'khutu mwanga. Anati ndi zoti tikhalebe patokha. Ndinasaina. Zilembo zinali zing'onozing'ono kwambiri. Masiku ano amasindikiza ngati akulembera nyerere.

Za kalata yako yoyamba, ndinatanganidwa. Denga la garaja limadontha, komanso kunali maliro a Mike Petrus. Ndinati ndiiwerenga ndikakhala pansi bwinobwino.

Usade nkhawa ndi zolankhula za anthu, mawa adzapeza nkhani ina. Dzina likalembedwa lalembedwa, munthu wamkulu sathamangira kukafufuta ngati mwana wa sukulu. Koma iwe ukudziwa mtima wanga.

Timu ikuchita bwino, tapambana anayi mwa asanu ndi limodzi. Mnyamata woponya mpira uja ali ndi dzanja koma alibe mutu.

Bambo wako,
Bruno Yurkanin

Loretta, ndi ine Irene. Ndalemba zimene andiuza, liwu ndi liwu, chifukwa ndiyo ntchito yanga. Koma pa chithunzi chija yang'ana bwino pamphuno pawo. Kalatayi taiyamba kanayi. Chakudya chimene ndinawatumizira dzulo chabwerera osachikhudza. Pali mawu amene ndinalonjeza mayi ako kuti sadzatuluka m'kamwa mwanga, ndiye sindipitirira apa.


Chicago
21 Okutobala 1991

Bambo,

Zikomo poyankha.

Pa chithunzi magalasi mwavala. Ndipo munthu amene anaona inchi imodzi anthu zikwi makumi atatu akumukuwiza sangalephere kuona dzina la mwana wake chifukwa cha malipenga.

Chikalata chija chinandipweteka, koma kalata yanuyi yandichititsa manyazi. Sindinamvepo inu mukuzemba. Mukanangoti, "Eya, ndinawerenga, ndipo ndi mmene ndikuonera," ndikanalira n'kukulemekezanibe.

Chaka chino pa Thanksgiving tikhala konkuno. Ana ndawauza kuti ndi chifukwa cha ntchito.

Loretta


Ashmont
28 Okutobala 1991

Loretta mwana wanga,

Moni kwa nonse. Mayi Hudak ndawauza kuti alembe zonse, ngakhale ndikati fufutani asafufute.

Unanena zoona. Magalasi ndinavala. Dzuwa kunalibe, kunali mitambo. Ndipo Lefty sanandipusitse. Anandipatsa pepala n'kunena kuti, "A Bruno, werengani kaye, muli mawu olemera umu." Ndinaligwira, n'kuyendetsa maso kuchoka kumanzere kupita kumanja, mzere ndi mzere, n'kugwedeza mutu pang'ono pakati, monga ndachitira moyo wanga wonse. Kenako ndinati, "Zili bwino." Iye anandiyang'ana modabwa. "Mukutsimikiza?" Ine ndinati, "Kodi ndinayamba ndabwezapo mawu?" Anthu anaomba m'manja.

Loretta, ine sindidziwa kuwerenga. Si maso. Sindinadziwepo.

Sukulu ndinaisiya ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, kupita kukasankha miyala m'malasha, ndipo zochepa zimene ndinaphunzira zinatsalira m'fumbi momwemo. Manambala ndimawadziwa, n'chifukwa chake unyolo unandiyanja. Dzina langa anandiphunzitsa ndi mayi ako tisanakwatirane, kuti ndisakadinde chala pamaso pa wansembe. Ndimalijambula ngati mmene munthu amajambulira kavalo. Zina zonse ankandiwerengera ndi iwo, inu mutagona kapena muli kusukulu. Atadwala anapita okha kwa Mayi Hudak kukawapempha kuti atenge ntchitoyo. Galasi lokulitsa lija munandigulira ndimayatsira fodya wa mukaliwo kunja kukakhala dzuwa.

Kalata yako ya masamba asanu inakhala pa firiji milungu isanu Mayi Hudak kulibe. Ndinkaitsitsa tsiku lililonse, n'kuiyeza m'manja. Inali yolemera, ndinadziwa kuti muli nkhani. Ndikanatha kupita nayo kwa Sal, kapena kwa wansembe, kapena kukuuza pa foni kuti mwana wanga, tandiuza pakamwa. Koma ndinati bambo wa loya sangapemphe wometa tsitsi kuti amuwerengere. Nyuzipepala itatuluka, anthu ankandigwira chanza n'kumati, "Ndinu mwamuna, a Bruno, si aliyense angachite zimenezi." Ine n'kumathokoza. Ndimaganiza kuti akunena za ligi.

Dzulo itatha Misa, gulu la Lefty linali ndi chakudya cham'mawa ku holo ya ozimitsa moto, anthu ngati mazana atatu. Ndinavala suti ya pa ukwati wa Marlene. Nditaimirira, Lefty anagogoda kapu ndi supuni. "Chete nonse! Mkulu wa unyolo alankhule!"

Ndinatola kapepala ka zakudya kamene kanali patebulo n'kukakweza m'mwamba. "Lefty, apa alemba chiyani?"

"Mazira ndi soseji, a Bruno. Mwaiwala magalasi?"

Anthu anaseka. Ndinati, "Magalasi ndi awa ndavalawa. Ukanandiuza kuti alemba kuti Bruno ndi galu, ndikanagwedeza mutu n'kunena kuti zili bwino."

Joe Wasko anakuwa kumbuyo, "Wayamba m'mawa lero mkuluyu! Mulandeni botolo!" Anasekanso, koma pang'ono.

Ndinati, "Joe, takhala benchi imodzi m'tchalitchi zaka makumi asanu. Unandionapo nditatsegula buku la nyimbo patsamba loyenera?"

Ndinawauza zonse zimene ndakuuzazi. Ndinati, "Ligi sindiifuna, dzulo, lero ndi mawa. Mukalemba pepala lonena zimenezo zokha, wina andiwerengere mokweza, ndisaina kawiri. Koma mwana wanga sanaiwale kwawo, ndipo sagulitsa kanthu. Ndinayeza moona zaka makumi anayi ndi chimodzi chifukwa cha alendo a ku Lockridge, koma ana anga ndawanamiza chibadwire chawo. Chotsani dzina langa."

Lefty nkhope inafiira mpaka m'makutu. Anati, "A Bruno, mukanandinong'oneza."

Ndinati, "Ndikanatero. Mlandu si wako."

Palibe anaomba m'manja. Ena ankayang'ana m'mbale zawo. Mkazi wa Joe anandithirira khofi mpaka kutayikira. Mtsikana wa nyuzipepala analipo, ndinamuuza kuti alembe zonse, ndipo aike patsamba lomwe lija anaikapo chithunzi. Potuluka ndinadzera khomo la kukhitchini.

Lero sindinapite kwa Sal. Sindikudziwa ngati ndidzapitenso. Kalata yapita ija ndinakunamiza, ndipo Mayi Hudak anataipa bodza langa akundiyang'ana. Sindikupempha kuti ubwere. Wandifunsa ngati mawu aja ndi anga. Si anga, koma dzanja ndi langa.

Bambo wako,
Bruno

Anati fufutani katatu. Sindinafufute. Irene.


Chicago
10 Novembala 1991

Bambo anga,

Moni. Ndachedwa kuyankha chifukwa kalata iliyonse imene ndinayamba inkaoneka ngati ya loya.

Ndikuuzeni kaye za dzulo, musamvere kwa Sal. Bungwe lavota kuti tilowe ligi, asanu ndi anayi kwa asanu ndi mmodzi. Ndikudziwa kuti zikupwetekani, ndipo sindinena kuti pepani, chifukwa ndikukhulupirirabe kuti n'zoyenera. Nyali sinafe. Kuyambira chaka chamawa tizisewera ndi Lockridge Loweruka lachiwiri la Seputembala. Ya chaka chino ndiyo yomaliza ya pa Thanksgiving. Za kundichotsa, wapampando anatulutsa nyuzipepala m'chikwama, n'kuiika patebulo, n'kufunsa ngati alipo wofuna kuyambitsa nkhaniyo. Panalibe.

Tsopano zanga. Chiwerengereni kalata yanu ndakhala ndikuganiza za Lamlungu. Tikachoka ku Misa munkandikhazika pampando wa pafupi ndi mbaula, n'kundipatsa tsamba la zamasewero. "Werenga mokweza, timve ngati masisitere akugwira ntchito." Ndikathamanga munkati, "Bwereza, anthu akumbuyo sanamve." Zaka khumi, Lamlungu lililonse. Ndakhala ndikuuza anthu kuti kulankhula m'khoti anandiphunzitsa ndi bambo anga, ankandiyesa mayeso sabata iliyonse. Sindinadzifunsepo ngakhale kamodzi chifukwa chake simunkayang'ana patsambalo.

Ntchito yanga ndi kuona zimene anthu akubisa. Ndinakugulirani galasi. Mayi Hudak analemba poyera kuti tidikire, ine n'kukutumizirani masamba asanu chifukwa ndinkaopa nkhope yanu. Kenako ndinakunenani kuti mukuzemba. Inu munaimirira pamaso pa anthu mazana atatu. Ine ndinalephera pamaso pa munthu mmodzi.

Kwa Sal mupite. Tsitsi lanu silidikira manyazi.

Kodi malo alipobe patebulo?

Mwana wanu,
Loretta


Ashmont
14 Novembala 1991

Ana anga nonse, Loretta, Cyril, Marlene ndi Teddy,

Moni. Lero sinditchula maudindo anu, Mayi Hudak akuti chiuno sichiwalola kukhala nthawi yaitali.

Zonse mwazimva. Marlene, leka kuimba foni n'kumangolira, sindimva kanthu koma mphuno. Cyril, mabuku a ana a sukulu amene watumiza afika. Ndawaika pansi pa mwendo wa tebulo uja umagwedera, akuthandiza. Mwina m'nyengo yozizira ndidzatsegula limodzi, tiona. Teddy, positikhadi yako ya mawu asanu ndi imene yandikomera kuposa zonse, Mayi Hudak andiwerengera kawiri.

Kwa Sal ndinapita Lachiwiri. Onse anandiyang'ana ngati kwalowa wapolisi. Kenako Joe Wasko anatenga nyuzipepala n'kuyamba kuwerenga zamasewero mokweza, akunamizira kuti akudziwerengera yekha. Amawerenga moipa kwambiri. Ena m'tauni sandipatsabe moni, ena akuwonjeza ulemu, ndipo sindikudziwa chowawa kwambiri n'chiti.

Za ligi ndikuti mwalakwitsa, Loretta. Nyali ya mu Seputembala, anthu atavala malaya a manja aafupi, si Nyali. Tidzakangana ukabwera, m'khitchini, chitseko chili chotseka.

Kalata yako ya masamba asanu ikadali pa firiji, yosatsegula. Mayi Hudak anafuna kuing'amba kukamwa, ndinawalanda. Udzandiwerengera wekha, pampando wa pafupi ndi mbaula, mokweza, osathamanga.

Ndiye mvetserani tsiku. Loweruka pa 30 Novembala, nonse ndi ana anu, pakhomo pano pofika 9 koloko m'mawa. Marlene aphike halupki, nyama yokulunga m'masamba a kabichi, monga ankaphikira mayi anu. Masewero ayamba 1 koloko, ndipo matikiti khumi ndi asanu ndi anayi ndatenga kale, mzere umodzi. Tidzalowera chipata chachikulu, pomwe anandijambulira paja. Loretta adzayenda pambali panga.

Ndine bambo wanu,
Bruno Yurkanin